Mudzi wa Ababa Watsala pa Mapu

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno ku Domasi tilipo, kungoti mpunga wa chaka chino mbalame zatithandiza kukolola. Mng'ono wanga Esinati wachira, mwana wamkazi, ndipo chipumi ndi chanu chenicheni.

Nkhani yandivuta ndi ya ababa. Amalume akuti chaka chakwana chimwalirireni inu, ndiye mkamwini asudzulidwe azipita kwawo. Kwawo kuti, amayi? Chichokereni ku mapiri a ku Rumphi ali mnyamata, ababa sanabwerereko. Paja munkawaseka kuti, "Inu kwanu n'kwapakamwa chabe, ndani anakuonako?"

Tsono Yohane, mdzukulu wanu wophunzitsa ku Malosa uja, anabwera ndi mapu akale a dera la kwawo kwa ababa. Mapepala ake ofiirira, onunkha mphemvu, koma ntchito yake, amayi! Phiri lililonse analizunguliza ndi timizere ngati akalozera a m'munda mwanu, ndipo pomwe tathithikana ndiye kuti mpotsetsereka zedi. Anthu amene anajambulawo anayenda ndi miyendo, osasiya ngakhale kakhwawa. Ine ndawagomera.

Tinawayala pamkeka pakhonde. Chala cha ababa chinatsata mtsinje, kukwera nawo, n'kukaima pa timadontho takuda. Nyumba za kwawo zimenezo! Anayamba kutchula eni ake mmodzimmodzi, pomwe ankamwetsa ng'ombe, njira yomwe ankatsikira kusukulu. Sankanama ayi, mudzawapepese ndithu. Chiikireni maliro anu ndinali ndisanawamve akuseka chonchija.

Kenako Yohane anayala mapu atsopano pambali. Mapiri ndi omwewo, koma pamalo pa timadontho tija alembapo kuti mgodi wa malasha. Mudzi unasamuka kalekale, ndipo komwe abale a ababa analowera sitikudziwa. Ababa anayang'ana nthawi yaitali. Atatero anapinda mapu akalewo bwinobwino, n'kundifunsa ngati Yohane angawalole kuwatenga tsiku lonyamuka. Ndinathawira kuseri kwa nyumba kukalira.

Loweruka abale athu akumana pa za kusudzulazi. Amalume ndimawaopa, mukudziwa, koma mwana wamkazi wamkulu pakhomo pano ndine, ndipo ndikayankhula ndithu. Munthu analima dimba lino mpaka msana kupindika, sindingamukweze basi kuti akatsike pa dzenje.

Ndikukulonjezani, amayi, ababa sachoka. Tsiku lawo likadzafika adzagona pambali panu, ndiye muwasungire malo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Agnesi