Msomali Woyamba Pakhoma Langa

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi moyo. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Musandibisire, chifukwa inu mukangoti zili bwino ine ndimadziwa kuti pali kanthu. Alamu ali bwanji, nanga ana? Kuno tilipo. Mwana wanu wamkazi anadwala chifuwa sabata yatha, koma wayambiranso sukulu.

Za nyumba munamva kale pafoni, koma sindinanene zonse, poti munthu sudziwa amene akumvetsera kuseri kwa mpanda. Patha miyezi itatu chilowereni. Ili ndi zipinda ziwiri, pabalaza, kakhitchini, mtengo wa mapeyala kuseri, ndi mpopi wathuwathu pakhomo. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuima pamzere ndi ndowa, ndiye tsiku loyamba ndinatsegula mpopiwo ndikucheuka uku ndi uku ngati ndikuba. Mwana akaseka mokweza palibe wogogoda khoma. Ndikaweruka kuntchito yanga yosita zovala ndimatambalala pakhonde, palibe wondiuza kuti ndatseka njira.

Koma mukundidziwa ine. Nyumba zalendi zisanu ndi imodzi zinandiphunzitsa kuti pamene wayamba kuzolowera ndi pamene amakuuza kuti usamuke. Choncho makatoni sindinamasule. Ndinangotulutsa mapoto awiri, mbale zinayi ndi zofunda, zotsalazo n'kuzisanja pakona zili zomanga ndi chingwe. Makatani sindinaike. Pakhoma sindinakhomepo kanthu, poti mukukumbukira kuti alandilodi omaliza aja anatithamangitsa chifukwa cha msomali umodzi wokolekapo kalendala. Bambo a mwana amandiseka, amati nyumba ndi yathu, tinasainirana ku ofesi ndipo chidindo chilipo. Iwo n'zosavuta kuseka, amakhalira kuyendetsa basi, pakhomo amagona kawiri pa sabata. Ine mapepalawo ndinawakulunga m'pulasitiki n'kuwasokerera m'kati mwa pilo wanga.

Tsono mvereni zimene zinandiwondetsa. Amene anatigulitsa nyumbayi ndi bambo wachikulire, kalipentala, amene anapita kukakhala kwa mwana wawo wamkazi. Loweruka lachiwiri titalowa, ndinangomva odi. Anali iwowo, anati amangodutsa. Ndinawapatsa mpando pakhonde, koma maso awo anali m'nyumba. Loweruka linalo anabweranso. Anatsegula ndi kutseka chitseko chakumaso katatu, atatchera khutu. Anasisita mafelemu a mawindo. Kenaka anafunsa ngati pamabwera anthu odzaona nyumbayi. Ndinawayankha mwachidule, ndipo atangochoka ndinathamangira kukagula loko wina.

Pali mayi wina woyandikana nafe amene anthu amangomuti Wailesi, chifukwa nkhani zonse za mumsewu muno zimayambira pakamwa pake. Iyeyu anandiitanira kumpanda n'kundinong'oneza kuti mwana wamwamuna wa akalipentala sanavomereze zogulitsa nyumbayi, ndipo iye waonapo anthu akutulutsiridwa katundu panja mapepala ali m'manja. Mnzanga wopinda zofunda kuntchito ndinamufotokozera, iye anangoti galu wamkota sakandira pachabe. Achemwali, chakudya chinasiya kulowa. Tsiku lina ndinatsala pang'ono kuwotcha kolala ya malaya a kasitomala, maganizo ali kwina.

Loweruka lapitali bambo a mwana anali paulendo. Ndikuanika zovala, ndinaona akalipentala akulowa pageti atanyamula chikwama cha zida. Ndinati basi, lero adzazula zitseko zawo. Ndinathamangira kuchipinda, n'kutenga pilo uja, n'kudzaima pakhomo nditamukhwapatira. Ndinayamba ndine kulankhula.

"Bambo, ngati mwabwera kudzatenga nyumba yanu, nenani lero lomwe. Ndatopa kugona ndi nsapato pafupi."

Anandiyang'ana, anayang'ananso piloyo, kenaka anaika chikwama pansi.

"Mwanawe, funsolo n'langa. Ndiuze iweyo kuti ukuigulitsa liti."

Anakhala pampando n'kufotokoza. Anati pa zaka zonse zimene agwira ntchito m'nyumba za anthu, anaona kuti munthu wogula nyumba kuti akhalemo amakhoma msomali sabata yoyamba. Tsono iwo akabwera ankapeza makoma ali mbee, mawindo opanda makatani, makatoni omangamanga, miyezi itatu yathunthu. Ndipo Wailesi yemweyo anawauza kuti ife tinagula kuti tigulitsenso kwa munthu wofuna kutsegulapo malo omwera mowa. Anati munthu ameneyo anabweradi kwa iwo poyamba ndipo anamukana. Anasankha ife chifukwa tsiku lodzaona nyumba mwana wathu anathamangira kukakumbatira mtengo wa mapeyala. Zitseko zonse anapala okha, malemu akazi awo ndiwo anapaka penti. M'chikwamamo munali mafuta othira pamene chitseko chimalira, ndi chopalira, poti nthawi ya mvula chitsekocho chimafufuma.

Ndinachita manyazi. Ndinawafotokozera za alandilodi ndi kalendala ija, ndikuyembekezera kuti aseka monga amachitira bambo a mwana. Sanaseke. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa hamala ndi msomali umodzi, n'kundipatsira m'manja. Tinalowa pabalaza. Ine ndinawafunsa kuti andilola kukhoma pati. Anapukusa mutu, anati vuto langa ndi limenelo, ndikufunabe landilodi ngakhale pamene palibe.

"Khomali ndi lako. Usandifunse ine."

Ndinasankha moyang'anizana ndi chitseko. Ndinaphonya kawiri, kachitatu msomali unalowa mokhota, ndipo kachidutswa ka pulasitala kanagwa pansi. Ndinacheuka msanga kudikira kukalipiridwa. Iwo anangoti pulasitalayonso ndi yanga, ndikafuna ndimate, ndikafuna ndisiye. Mwana wanu anaomba m'manja. Ine ndinakhala pansi pomwepo, pilo ali pamiyendo, misozi n'kuyamba yokha.

Musaganize kuti ndasiya kuchenjera. Hamala ndinabweza nthawi yomweyo, asadzapeze chonamizira. Anati adzabweranso mvula ikayamba kudzaona chitseko, ine ndinati adzabwere tsiku limene bambo a mwana alipo. Za mwana wawo wamwamuna ndinafunsa, anati alibe mwana wamwamuna, ana awo onse ndi aakazi. Ndafufuza kwa wogulitsa makala ndi kwa mayi wa pagolosale, onse akuti n'zoona. Komabe mapepala akadali m'pilo. Wailesi masiku ano akundipatsa moni wautali kwambiri, ine ndimangoyankha kuti tadzuka, n'kulowa m'nyumba. Sindikudziwa chimene ankafuna potiyambanitsa, koma ndaona kuti amayang'anitsitsa mapeyala athu.

Makatoni ndamasula. Ndapezamo makapu amene munandipatsa paukwati wanga, sinaswekemo ndi imodzi yomwe, ndipo tsopano tikumwera tiyi. Makatani ndaika. Dzulo ndinabzala tsabola ndi maluwa pafupi ndi mpopi, pansi penipeni, osati m'zitini monga kale. Katoni imodzi yokha ndaisiya yomanga. Musandiseke, mtima sufulumira ngati manja.

Tsono pempho langa ndi limodzi. M'sutikesi yanu muli chithunzi cha malemu amayi, chija anaima pafupi ndi makina awo osokera. Munkafuna kundipatsa maliro atatha, ine ndinakana, ndinati ndilibe khoma. Amayi anandichezera kamodzi kokha, m'chipinda chimodzi chogawa ndi nsalu, ndipo ndinachita kukawapemphera chilolezo kwa alandilodi kuti agone masiku atatu. Pochoka anangondigwira dzanja. Ndikufuna alowe m'nyumba muno popanda kupempha kwa munthu.

Chonde musapatsire kondakitala kapena munthu amene mwangokumana naye. Muchiike pakati pa zidutswa ziwiri za katoni, muchikulunge m'thaulo, ndipo wobweretsayo akhale wachibale. Mukabwera nacho nokha ndiye bwino koposa, chipinda chilipo ndipo palibe wowerenga masiku anu.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali ndi amalume, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa ana onse. Azakhali musawauze za pilo, angalengeze dziko lonse. Mwana wanu akuti mumubweretsere mbewu ya maluwa ofiira aja a pakhomo panu.

Dzana bambo a mwana anafika n'kukoleka chipewa chawo pa msomali uja. Ndinachichotsa, ndinawauza kuti akhome wawo. Uwu uli ndi mwini wake, ukudikira.

Ndine mng'ono wanu,
uja munkamuti Wamantha