Amayi ako akuphunzira kukana

Mylapore, Chennai

Wokondedwa mwana wanga Thenmozhi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi mwamuna wako Senthil ku Muscat kumeneko. Nanga miyendo ija yasiya kutupa? Wam'mimbayo akumenyabe ngati wampira? Kuno tili bwino, kupatula bondo langali lomwe limadziwa za mvula kuposa wailesi.

Ndalemba kalata chifukwa foni sukuyankha. Chifukwa chake ndikuchidziwa, ndiye undimvere kaye, ukwiye pambuyo.

Amayi ako akhala mlembi wa a Arunachalam kukampani ya nsalu ija kuyambira iwe usanamere mano. Aliyense wofika, kaya wogulitsa zolembera, kaya msuweni wa mlamu wa bwana wofunira mwana wake ntchito, ankamukhazika pampando, kumupatsa khofi, n'kumulowetsa. Mkuluyo ankakonda zimenezo, ankati khomo la ofesi silibweza munthu.

Tsono chaka chino mkuluyo wapuma, mpando wasiyira mwana wake Karthik, uja amayi ako ankamupukuta mamina akabwera kuofesi ali mwana. Iyeyu anawauza mwaulemu ndithu, akuwatchula kuti azakhali, kuti sakufuna womuphikira khofi koma womutetezera nthawi yake. Anawalipirira maphunziro amadzulo a alembi a mabwana. Anati akakhoza mayeso mpando ndi wawo, akalephera aikapo wina.

Mwana wanga, ndinawamvera chisoni. Tsiku loyamba anabwera maso ali psuu. Anati m'kalasimo ndi ana a msinkhu wako okhaokha, ndipo iwo atalowa onse anaimirira poyesa kuti alowa ndi aphunzitsi.

Za pakompyuta sizinawavute kwenikweni. Kukonza nthawi za misonkhano, kulemba zokambirana, kugulira bwana tikiti ya ndege, zonsezo anazigwira msanga. Chinawakanika ndi phunziro la kukana. Aphunzitsi amayerekeza kukhala mlendo wofika osapangana, wophunzira n'kumubweza mwaulemu. Amayi ako, m'malo momubweza, anamufunsa ngati wadya. Kalasi yonse inafa nacho chiseko.

Ndiye anayamba kuyeserera pa ine. Ndimagogoda pachitseko cha kukhitchini, n'kunena kuti ndine malume ake a bwana, ndatsika kumene basi ya ku Madurai. Masiku oyamba ankangoti lowani bambo, mwatopa. Ndinawaseka kuti ndi mtima umenewo adzalandira satifiketi ya chifundo. Anandibwezera kuti munthu wolephera kukana ngakhale mbale yachitatu ya mpunga asawaphunzitse zokana. Koma pang'onopang'ono anayamba kutha. Tsiku lina anandibweza mosalala, akumwetulira, mpaka ndinakwiya zenizeni m'nyumba mwanga momwe.

Kenako iwe unaimba, ine ndili pomwepo. Unawauza kuti abwere mwezi wamawa adzakhale nawe mpaka uchire, monga achitira mayi aliyense pa mwana woyamba. Sunalakwe ayi. Ndi mwambo wathu, agogo ako anawachitira zomwezo pobadwa iwe. Koma mwezi umenewo ndi wa mayeso. Ndinawaona atagwiritsa m'mphepete mwa tebulo pokuuza kuti sangathe, adzabwera mayeso akatha. Iwe unadula foni. Iwo anakhala pansi n'kulira ngati pagwa maliro.

Kuyambira tsikulo mabuku sakuwatsegula. Azakhali ako a Meenal nawonso akukolezera moto, akuti azimayi kukachisi akufunsa ngati kompyutayo ndiyo idzasambitse khanda. Dzulo amayi ako anandiuza kuti Lolemba akauza Karthik kuti asiya zonse, maphunziro ndi ntchito yomwe, chifukwa mpando wa muofesi sudzawaitana kuti agogo. Ndinati dikirani kaye. Anati bambo a Thenmozhi, zokana zija zandidyera mwana.

Pempho langa nali. Ndakhala ndi mayi ameneyu moyo wanga wonse, ndipo sindinawaonepo akudzifunira kanthu. Ngakhale nsalu ya sari yovala pa chikondwerero cha Deepavali amatenga yomwe ena aisiya. Mayesowa ndicho chinthu choyamba chomwe achifuna okha. Ukanawaona akuyenda kupita kukalasi, chikwama pamapewa, ngati mtsikana!

Sindikuti uchire wekha kudziko la eni. Ndalankhula ndi apongozi ako a Revathi, avomera kudzakhala nawe masiku oyambawo. Ndikudziwa kuti apongozi si mayi, ndipo mantha ako ndikuwamvetsa. Inenso ndibwera. Ndayamba kale kuphunzira kuphika rasam, msuzi uja wa adyo wa mayi wochira kumene, ngakhale amayi ako akuti wanga ndi wothamangitsira udzudzu.

Imba foni lisanafike Lolemba, mwana wanga. Ukangonena kuti amayi bwerani, adzanyamuka tsiku lomwelo, ndipo sadzakudandaulira ngakhale kamodzi mpaka kumanda. Chimenecho ndicho ndikuopa. Uwauze kuti akhale, alembe mayeso. Ine ndanena, sakundimvera. Adzamvera iwe wekha.

Undiperekere moni kwa Senthil, umuuze asamakulole kunyamula zolemera. Mulungu akusunge iwe ndi kamlendo kathu tikukadikirako, uchire mwamtendere.

Ndine bambo ako okukonda,
Ilangovan