Mamendulo a Bambo Anga Ali ndi Dzina la Munthu Wina

Aphungu,

Amuna anga amakonda kutolera zinthu zakale za asilikali: mabaji, mabatani a yunifomu, zipewa zodyedwa ndi njenjete. Kabati ya pabalaza, yomwe ndinkati ndiziikamo mbale, inadzaza ndi zimenezi. Ndimawaseka kuti mkazi wawo wamkulu ndi dzimbiri.

Bambo anga, a zaka 86, anali msilikali. Tonse tinakula tikunyadira mamendulo awo atatu, omwe amasunga m'chitini cha mabisiketi n'kumavala pamaliro a anzawo. Sabata yatha mayi anatipatsa chitinicho, bambo osadziwa, kuti amuna anga apukute mamendulowo n'kuwaika m'felemu. Amuna angawo anakhala patebulo n'kumawayang'ana ndi kagalasi kawo kokuzira zilembo. Kenako anati, "Amayi a ana, tabwerani muwerenge m'mphepetemu." Dzina lozokotedwa pa mamendulo onse atatu si la bambo. Nambala ya usilikali nayonso ikusiyana ndi ya pa chikalata chawo chopumira ntchito.

Nditawafunsa mayi mozungulira anangoti, "Dzina limenelo musakalitchule mwachisawawa, bambo anu limawadwalitsa." Amuna anga akuti kuvala mendulo ya mwini ndi chamanyazi chachikulu, ndipo akufuna kufufuza dzinalo kudzera mwa otolera anzawo. Kodi bambo akhala akutinamiza moyo wonse? Ndiwafunse, kapena ndingobweza chitini?

N.C.

Mayi N.C.,

Khalani pansi kaye. Chomwe mwapeza ndi dzina pa chitsulo, bodza simunalipezebe. Chikalata mwachiona nokha, usilikali anaugwiradi. Mamendulo amatha kusinthanitsidwa, ndipo alipo asilikali amene amasunga a mnzawo yemwe sanabwerere. Zingathekenso kuti anavala ulemu wa wina. Ine sindikudziwa, inunso simukudziwa, ndipo kagalasi ka amuna anu sikangakuuzeni.

Auzeni amuna anuwo asiye kufufuza. Apongozi si katundu wa m'kabati. Dzinalo likangofika kwa otolera anzawo, mawa nkhani ya banja lanu ikhala pakamwa pa anthu osawadziwa.

Pitani nokha, nthawi yoti nyumba ili phee. Bwezani chitini, muvomere kuti munachitenga mobisa, mupepese. Kenako tchulani dzinalo modekha, mufunse kuti anali ndani. Mukatero tsekani pakamwa, muwasiye alankhule. Akakana, musawakakamize. Ndipo ngati munthuyo ali ndi abale amoyo, maganizo okawapatsa mamendulowo achokere kwa bambo eni ake.

Koma samalani, musapite ngati woweruza mlandu. Mayi anu akudziwapo kanthu, komabe akhala nawo zaka zonsezi. Munthu wa zaka 86 mukam'chititsa manyazi pamaso pa mkamwini wake, nthawi yokonza ubalewo mwina simudzaipeza.