Diresi la ku Limbe

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Harareko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Domasi tilipo, koma abambo mwendo ukuwavutabe.

A Fakisoni, chibwenzi changa chija, atakhala chete nthawi yonseyi, anandiitana ku Blantyre. Anandionetsa nyumba zosanja ndi sitima ya pamtunda, ine osadziwa ngati akundifunabe. Ku Limbe tinalowa m'sitolo, n'kundiuza kuti ndiyese diresi loyera. Linandikhala bwino, ndipo mtima wanga unayamba kuvina.

Atauza wogulitsa kuti alikulunge, anandiyang'ana akumwetulira. "Zikomo, Esinati. Mkazi amene ndikukwatira thupi lake n'lofanana ndi lanu."

Anandiperekeza kokwerera basi, diresilo lili m'khwapa mwawo.

Chonde musawauze amayi. Iwo alengeza kale ku Songani konse kuti ndapeza banja. Muzindipempherera, Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Esinati