Livi ya Malume Yakanika

Chaneng, Rustenburg

Okondedwa mlongo wanga Sellina,

Khalani pansi bwino, ana aleke phokoso. Akulemba pano ndi a Elisha, mkulu wa alonda onse a pageti la kampani kuno ku Chaneng. Alondafe tilipo awiri, winayo ndi galu. Kaya inu muli bwanji ndi mwendo uja? Ine ndili bwino, kungoti mtima ukuwira.

Za chinkhoswe cha mwana wanu Linnet ndamva, ndipo ndikudziwa kuti mukudikira ine malume wake. Koma Joni ndi dziko lotopetsa. Kwathu munthu wamkulu akagwedeza mutu, chilolezo chatha. Kuno Chingerezi chinachita kuswa ana: pamiti ndi yokhalira m'dziko, pasi ndi yolowera pageti, livi ndi yopitira kumudzi. Zitatuzi sizidziwana n'komwe. Ziwiri ndili nazo, yavuta ndi livi.

Poti wamkulu sumulowera wekha ngati mbuzi m'munda, ndinatuma mnzanga Abdu wa ku Mangochi kuti akandinenere kwa bwana, atanyamula tambala amene ndinagula ku Robega. Bwana anamufunsa ngati ndamwalira. Abdu atati ayi, anamuuza kuti kupempha livi m'malo mwa mnzako ndi noti alaudi, ndiye kuti n'koletsedwa, ndipo nkhuku muofesi nayonso noti alaudi. Tambala uja Abdu anadya, akuti ndi wa mapazi.

Ndinapita ndekha tsono. Akuti livi ya Disembala anyamata anatenga kalekale, ndipo ndikangochoka ndisadzabwerenso. Pamenepo ndinaponya chipewa pansi, n'kumukalipira bwanayo m'Chifanakalo, chilankhulo cha kumigodi, mpaka anabisala kuseri kwa tebulo.

Pempho langa ndi limodzi: musaimitse chinkhoswe. Mwana asakalambe podikira nkhalamba. Mng'ono wathu Redson akhale pampando wanga, ndamupatsa pamiti, pasi ndi livi zonse pamodzi. Asalankhule nthawi yaitali, mukumudziwa. Linnet mumuuze kuti malume ake sanamukane.

Mupereke moni kwa alamu, kwa azakhali ngati akumvabe, ndi kwa adzukulu onse. Mkamwiniyo mumuuze kuti ndidzamuyeza ndekha ndikadzabwera.

Ndine mlongo wanu,
Elisha

Ndisanaiwale: zoponya chipewa ndi kukalipa zija ndangopeka. Ndinaomba m'manja mwaulemu, n'kuthokoza bwana pondimana.