Mumusudzule Enifa mpunga usanache

Kuno kwa Rute,
ku Jeremani.
11 Febuluwale, 1996.

Okondedwa mlongo wanga a Masiye,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Maganga, inu ndi alamu anga. Bondo lija limakuvutani nthawi ya mvula likuti bwanji chaka chino? Ine kuno Mulungu akusunga. Mwana wanga Rute ali bwino, amuna ake a Robert ali bwino, ndipo khanda lomwe ndinabwerera kudzalera layamba kukwawa.

Ndalembera nkhani ya Enifa, mtengwa wathu, mkazi wa malemu mwana wanga Chikumbutso. Rute anaimba lamya ku hotela ya ku Senga Bay komwe m’bale wathu Tadala amagwira ntchito, ndipo Tadala anatiuza kuti mpaka lero simunamusudzule. Akuti abale ake abwera kawiri, kawiri konse mwawabweza, mukuti mukudikira ine mayi wa malemu. Akutinso kuli mwamuna, Binali, wokhoma mabwato ku Chipoka, yemwe akumufuna ukwati, koma akwawo anena kuti mpunga ukacha nkhani isanathe amupezera wina. Zimenezi ndazimva bwino. Ndikuyankhani, koma mundilole ndidzere kotalika monga mwa chizolowezi changa.

Mwezi wathawu ndinagwa. Kuno madzi amauma pansi n’kukhala ngati galasi, ndiye ine ndi nsapato za eni ake ndinangozindikira miyendo ili m’mwamba. Dzanja linathyoka pamfundo. Mwayi ndi lamanzere. Likanakhala lamanja bwenzi mutapuma kalata ino.

Chigwere changa, tsiku lililonse masana kumabwera asewele anga, bambo ake a Robert, kudzandichezetsa. Dzina lawo lilime langa limakana, ndimangoti asewele. Ndi nkhalamba yaitali, yofatsa, inapuma ntchito ya uphunzitsi. Akuti ankaphunzitsa zilankhulo zomwe eni ake anatha kufa kalekale. Ndinafunsa ngati ana a sukuluwo ankawakonzera zokacheza ndi mizimu, koma Rute anakana kuwamasulira zimenezo. Rute ndiye amakhala pakati pathu, iwo alankhule chawo, ine changa.

Tsiku lina analoza nsalu ya padzanja langa n’kufunsa dzina lake m’Chichewa. Ndinati ndi bandeji. Munthu wamkulu anasangalala ngati wakumana ndi mbale wake pa depoti. Anati mawu amenewo ndi akwawo. M’Chijeremani kumanga ndi chingwe amati bindeni, Angerezi amati bayindi, ndipo makolo awo anali amodzi. Afalansa anabwereka mawuwo n’kuwapatsa mchira, Angerezi anakawatenganso kwa Afalansa ali ndi mchira womwewo, basi n’kutibweretsera ife ku chipatala. Ngakhale bandulo ya nkhuni akuti ndi mwana wa m’nyumba yomweyo. Ndinawauza kuti ndiye kuti Azungu anatibwereka mawu a chingwe okhaokha, a chakudya anasunga.

Mawa lake anabwera ndi mbumba ina ya mawu. Akuti anthu akale a ku Roma kumanga ankati ligale, ndipo ana a mawu amenewo anabalalika m’maiko onse akuno. Ligi ya mpira yomwe anyamata amaphera mabatire a wailesi yachokera pamenepo, matimu omangidwa pamodzi. Alayansi ya zipani yomwe yatigonthetsa m’makutu chibwerere matipate ndi yomweyonso, ndipo akuti Afalansa mphete ya ukwati amaitchula ndi mawu omwewo. Ku Polandi ali ndi mawu awoawo, koma nakonso akuti dzina la ndende ndi dzina la chibale zinatuluka m’mimba imodzi.

Amene anandikhala pamtima ndi awa. Mukukumbuka anthu a ku Mozambiki aja ankafika pa Chipoka nthawi ya nkhondo, ukawapatsa chinangwa ankati obrigado? Ife tinkayesa ndi zikomo wamba. Asewele akuti nawonso ndi mwana wa ligale, ndipo tanthauzo lake lenileni ndi lakuti ndamangidwa. Wandipatsa, ndiye wandimanga. Nditamva zimenezo maganizo anga anathawira kumudzi, mpaka Rute anafunsa ngati dzanja layambanso kuwawa.

Ndinkaganiza za inu, a Masiye. Tadala akuti mumauza anthu kuti Enifa ndi wosayamika, mwamudyetsa iye ndi ana ake awiri chimwalirire mwamuna wake, lero akufuna kuchoka. Kudyetsa munadyetsa, sindikana, ndipo Mulungu anaona. Koma ndani amadzuka mbandakucha kupita kudimba lanu la mpunga? Ndani anawokera chaka chino pamene alamu anadwala msana? Mwanayo wayamika ndi manja, wayamika ndi msana. Mukufuna ayamike ndi moyo wake wonse? Ndipo musandiyese mwana. Mukuti mukudikira ine, koma chomwe mukudikira ndi mpunga kuti uche, apezeke wodula ndi wopuntha.

Asewele atatha zawo anafunsa zathu. Ndinawauza kuti ife sitinachulutse, tili ndi kumanga kumodzi. Timamanga nyumba, timamanga mbuzi, timamanga banja, timamanga chiliza. Apolisi amamanga munthu. Asilamu a kunyanja mwezi uno akumanga, dzuwa likalowa amamasula. Anadabwa, anafunsa kuti nanga timasiyanitsa bwanji kumanga kwabwino ndi koipa ngati mawu ndi amodzi. Ndinati timayang’ana nkhope ya womangidwayo. Inu nkhope ya Enifa munaiyang’ana liti?

Ndikudziwa chinanso chomwe chikukuwawani, poti ndinu mkulu wa mpingo ndipo Binali ndi Msilamu. Asewele akuti mawu a Azungu otchulira chipembedzo, relijoni, ambiri amati nawonso achokera pa ligale, kumangirira munthu kwa Mulungu, ngakhale akuti ophunzira amakangana, ena amati anachokera pa kuwerenga mobwereza. Ine za mkanganowo sindilowako. Ndingoti ngati ndi chingwe, nsonga ina agwira Enifa, ina agwira Mulungu. Inu palibe pomwe mwagwira. Za Binali akambirana ndi amalume ake a Enifa, si mbumba yanu. Yathu ntchito ndi imodzi, kumutulutsa m’manja mwathu.

Tsopano mvetserani chomwe chandikhazika pansi kulemba ndi dzanja limodzi. Asewele amavala mphete ziwiri pachala chimodzi. Ndinkaziona koma ndinkaopa kufunsa. Sabata yatha ndinafunsa, ndipo anati ina ndi ya akazi awo, anamwalira Robert asanapite ku Malawi kukakumba mijigo. Nyumba yawo ndinakaiona. Chikhoti cha malemu chikadali pa msomali kuseri kwa chitseko, nsapato zili pansi pake.

Ndinafunsa kuti kodi akuchikazi sanawasudzule? Rute anavutika, anati m’Chijeremani mawu amenewo sakuwapeza. Ndiye ndinafotokoza pang’onopang’ono. Ndinati kwathu maliro akatha, kumeta kukachitika, abale a womwalira amaitana wotsalayo pamaso pa anthu a mbali zonse ziwiri. Amamuthokoza kuti munatisungira m’bale wathu, munamudwazika, munamulira. Amamupatsa kanthu m’manja, n’kumuuza kuti kwa ife mwamasuka, mukapeza banja ndi lanu, sitidzakutsatani.

Nkhalamba ija inafunsa kawiri ngati mawuwo amanenedwa mokweza, munthu akumva ndi makutu ake. Ndinati inde, pabwalo, masana. Anati kwawo kuno lamulo limanena kuti imfa yathetsa ukwati, abusa amanenanso chimodzimodzi pa tsiku lomangitsa, koma maliro akatha aliyense amakwera galimoto yake. Palibe anabwera kudzawauza kuti mwagwira ntchito, pumani. Anati mawu omangira amawadziwa m’zilankhulo zambiri, ndipo omasulira nawonso alipo m’mabuku, koma sanapeze munthu wowanenera. Atatero anazunguza mphete zija pachala, anapempha chipewa chawo, anapita tiyi asanamwe.

Ine usiku umenewo ndinalira, ndipo sindinalirire Mzungu yekhayo. Chikumbutso ndinamubereka ine. Tsiku lomwe lole yomwe anakwera ija inagubuduzika pa msewu wa ku Lilongwe, amene anakatenga mtembo wake kuchipatala ndi Enifa, ali ndi mwana kumsana. Ine ndinatsala pakhomo. Amene anasambitsa ine masiku a maliro ndi Enifa. Ngati pali munthu amene akanafuna kuti mkazi ameneyu akhale pakhomo mpaka imvi, kuti ndizimva ngati mwana wanga wangopita kuntchito, ndi ine. Koma ndaona ndi maso anga momwe munthu amakhalira akasowa womumasula. Makolo athu anatisiyira chinthu chomwe anthu a mabuku onsewa alibe, ndiye inu mwachitsekera m’nkhokwe.

Pempho langa ndi limodzi. Musandidikire. Adokotala akuti ndege ndisakwere dzanja lisanagwirane, ndipo Rute akubwerera kuntchito, khanda lilibe wina. Kumudzi ndifika mwina chilimwe, mpunga utatha kale. Kalata ino ikangofika, tumizani uthenga kwa amalume ake a Enifa, mupangane Loweruka. M’sutukesi yanga yachitsulo, kunsi kwa bedi, muli chitenje chatsopano chobiriwira. Chimenecho mumupatse m’manja m’malo mwanga. Ziwiya zake, makina osokera omwe anamugulira mwamuna wake, ndi mbuzi zomwe anabwera nazo, zonse apite nazo. Ana ndi ake, ife azidzationa. Wodula mpunga mupeze waganyu, kapena mutume ana anu aja amakhalira bawo pansi pa mtengo wa mango.

Ndauza Rute kuti alembere Tadala zomwezi, kuti musadzati kalata inanyowa ndi mvula mawu sanaoneke. Ndikukudziwani, tinayamwa bere limodzi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, msanawo asaupanikize. Moni kwa azakhali athu, kwa Tadala ndi mkazi wake, kwa adzukulu anga onse, ndi kwa amayi a chigwirizano, muwauze kuti nyimbo ndimaimba ndekha kuno. Rute ndi a Robert akupereka moni. Asewele nawonso anati ndikupatseni moni, ndipo anafunsa ngati mtsikanayo amasulidwa. Ndawauza kuti mlongo wanga ndi wouma mutu koma si woipa mtima. Musandichititse manyazi kwa eni dziko.

Pa tsikulo, anthu akakhala pansi, wina awerenge mokweza mawu ali m’munsiwa, Enifa akumva. Musawerenge ndinu, mumameza mawu.

Enifa mwana wanga, unandisungira Chikumbutso ali moyo, unamulira atapita, unandigwira ine pamene ndinalibe mphamvu. Palibe chomwe watsala nacho kwa ife. Kwa ine mayi wake, wamasuka. Pita ukakhale.

Ndine mlongo wanu,
Dailes Nangozo.