Simenti ya Chiliza Chanu Ili M'madzi

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno ku Nkope tilipo. Mpongozi wanu, mkazi wa achimwene a Fanuwelo, wabereka mwana wamkazi, ndipo tamutcha Aginesi, dzina lanu. Liwu watengeranso inu, akalira mpaka asodzi a kudooko amatembenuka. Mpunga wa kudambo unachita bwino, koma chimanga chinamira nyanja itakwera.

Tsono khalani pansi, ndikuuzeni zimene wachita mwana wanu wamwamuna. Pamaliro anu paja tinagwirizana zokumangirani chiliza, simenti tinagula n'kuisunga kunyumba kwa achimwenewo. Madzi atayamba kudya gombe lathu, iwo anadula bango, n'kutenga simenti ija kumangira khoma m'mphepete mwa nyanja. Akuti akufuna kumanga tinyumba togona alendo, ndipo alendo sakonda matope. Ine ndinali ku Boma kukagulitsa mbiya. Pobwera ndinapeza chiliza chanu chili m'madzi, mafunde akuchimenya. Ndinakwiya, Amayi, mpaka ndinaiwala kuti ndi aakulu kwa ine.

Mukudziwa zimene anandiyankha? Akuti, "Iwe Esinati, Amayi akanakhala moyo akanandiyamika." Ndinawauza kuti mukanawathamangitsa ndi nkhafi.

Khomalo ndi lokongola ndithu, analipaka ndi laimu, koma ndi chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mwera ukawomba, mafunde amagunda khoma n'kubwerera atakokolola mchenga wonse, pansi patsala miyala yokhayokha. Nkhanu zimene zinkakumba mauna pansi pa mizu ya bango zija zinasamuka, chifukwa simenti siikumbika. M'malo mwake khoma lonse ladzaza ndere ndi tinkhono tosongoka, tambirimbiri, toti ukaponda timachita kuphwanyika kuphazi. Azaumoyo atabwera anati tina mwa ito si ta nyanja ino, tinachokera kutali, ndipo anatichenjeza za likodzo. Alendo a achimwene ndiye amenewo, afika tinyumba tisanamangidwe.

Koma chimene chikundiwawa kwambiri ndi ichi. Chigoba chanu chosalazira mbiya chija, cha nkhono yaikulu ya zigoba ziwiri, chang'aluka. Ndachigwiritsa ntchito kuyambira pamene munatisiya, ndipo palibe supuni kapena chidutswa cha pulasitiki chimene chimasalaza m'kati mwa mbiya ngati icho. Ndinapita kukafuna china pamalo pamene munkandiphunzitsa kufufuza mumchenga ndi zala zakuphazi. Ndinayenda kutsogolo kwa khoma lonselo, madzi m'chiuno ngati wamisala, osapeza ngakhale chimodzi.

Kumapeto kwa malo athu, kumene simenti inawathera, kwatsala kabango pang'ono ndi mchenga wake. Kumeneko phazi langa linagunda nkhono yaikulu, yamoyo, itadzitsekera zolimba. Ndinaigwira m'manja nthawi yaitali, chifukwa ndinkaifuna. Kenako ndinakumbukira mawu anu aja: "Tola chigoba cha yakufa, yamoyo ibwezere ikakubalire zina." Ndinaikwiriranso mumchenga, n'kubwerera kunyumba chimanjamanja, ndikukulankhulirani ndekha m'njira.

Sabata yatha achimwene anabwera ndi nkhope ya kutchalitchi. Akuti apeza simenti ina, ndipo mmisiri amene anawamangira khoma uja amanga chiliza chanu, koma ayambe wamaliza khoma mpaka kumapeto. Akudziwa kuti malowa munasiyira ine, mwana wamkazi, ndiye sangadule bango lotsalalo ndisanalole. "Usawachititse manyazi Amayi," anatero. "Anzawo onse kumanda ali ndi ziliza." Taonani anthu ake! Amene anakuponyerani chiliza m'madzi ndi amene lero akundiphunzitsa za manyazi.

Sindinawayankhe tsiku lomwelo, chifukwa nanenso zimandiwawa ndikapita kumanda n'kupeza inu muli pansi pa mulu wa dothi, mtanda wathabwa utayamba kudyedwa ndi chiswe. Anthu amalankhula, Amayi, ndipo amaloza ine. Koma dzulo ndinawauza kuti ayi. Bangolo silidulidwa ine ndili moyo. Anachoka atakwiya, ndipo Aginesi wamng'onoyo mwina ndikhala nthawi ndisanamunyamule.

Choncho mundikhululukire, mugonabe opanda chiliza. Ngati mwakwiya, mukwiyire mwana wanu wamwamuna, ine ndatopa. Ndaumba mbiya imodzi yaikulu, ndipo ndaisalaza ndi chigoba chanu chong'alukacho, moti m'kati mwake muli mzere kuzungulira monse. Iyi sindigulitsa. Ikauma ndiiotcha, ndipo ndikulonjeza kuti ndidzabwera nayo ndekha n'kuivundikira kumutu kwanu.

Ndine mwana wanu wokukondani, wamakani ngati inu nomwe,
Esinati